Dzina Lomwe Ndinatola pa Wailesi

Tadala, khadi limenelo uligwire bwino, lakalamba. Ndinakutuma kukatenga lumo m'sutikesi, osati kukatembenuza zonse zili m'menemo. Koma poti waliona, ndipo ukufunsa kuti mwana wolembedwa Nilu pa khadi la kusikeloli anali ndani, khalani pansi nonse awiri. Iwe Yamikani, foni ilowe m'thumba, sithawa. Ayi, si mwana amene anamwalira. Nilu ali moyo, amavala tayi, ndipo ndi amene anakutulani pano Lachiwiri pa galimoto yake. Ndi bambo anu. Dzina la Dalitso limene mumalidziwalo anadzipatsa yekha. La Nilu ndinamupatsa ine, ndipo linatsala pang'ono kundilanda mwana.

Tiyambire ku fakitale. Ine sindinathyole tiyi nthawi yaitali. Agogo anu aakazi akusola nandolo apowa ndiwo anakalambira m'munda dengu lili kumsana. Ine manja anga anali olemera. Anzanga akuthyola masamba awiri ndi kansonga, ine ndinkazula ndi timitengo tomwe, kapitawo n'kumandibweza pa sikelo tsiku ndi tsiku. Atatopa nane ananditumiza ku wekishopu kuti ndizikanyamula zitsulo, poti kumeneko kuphwanya kunalibe. Wokonza makina anali mzungu wa ku Sikotilandi, wamfupi, mphuno yofiira chaka chonse, ndiye tinkangomutcha a Chimfine. Chinyanja ankayankhula, koma chodukaduka, china cha m'Baibulo china cha kukhitchini.

Loweruka lililonse tikaweruka, dzuwa likupendeka, a Chimfine ankaika wailesi pa benchi n'kundipatsa waya kuti ndikaukolowetse pa bulugamu. Kunja kutali munthu wina ankawerenga zotsatira za mpira, timu ndi timu, mosathamanga, ngati kalaliki akuitana mayina. Ankayamba ndi matimu akuluakulu a ku Mangalande, n'kumatsika, n'kumatsika. Kumapeto kwenikweni, mabatire atayamba kutopa, ndiye ankafika pa timu ya kwawo kwa a Chimfine, ya m'tauni ina yaing'ono ya asodzi. Dzina lake lilime langa linakana mpaka lero, ndipo musandiuze kuti nditchule, mumangofuna poseka. Ine ndinkangoti Achisanu, chifukwa pa chithunzi chimene anandionetsa, ochemerera onse anali atazikwirira m'zikhoto kuposa mmene timachitira kuno chiperoni chikalusa.

Ndiye wowerenga uja akatchula Achisanu, kawirikawiri ankatsatiza ndi mawu amodzi: nil. A Chimfine ankagwira kumutu, n'kumenya benchi mpaka masipanala kudumpha. "Nil! Nil kachiwiri!" Kenako ankaseka mpaka misozi. Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Bwana, kodi a Nilu amenewa ndi ndani?"

Anandiyang'ana, n'kupukuta mphuno. "Nilu? Aa, Nilu munthu wathu wokhulupirika kwambiri. Ena abwera, ena apita. Nilu sajomba."

Ana inu, ine ndinazitenga momwemo. Ndinaganiza kuti ndi katswiri wa timuyo, amene ngakhale zinthu zivute amamutchulabe ndi dzina chifukwa cha khama lake. Ndinkamuona m'maganizo, wamtali, wakachetechete, matope mpaka m'mawondo. Ndikuona Yamikani pakamwa pakuyabwa, akufuna kufunsa kuti nanga sindinkamva kuti matimu enanso ali ndi Nilu wawo. Iwe, Chingerezi cha pa wailesi ija chinkamveka ngati mvula pa malata, ndipo ine sukulu ndinalekera Sitandade 2. Ndinkangotchera khutu dzina limodzi, likadutsa basi. Kuno kwathu timu ikapanda kugoletsa timati yatuluka ndi duu. Mawu enawo ndikanawamva kuti?

A Chimfine anabwerera kwawo nditagwira nawo ntchito zaka zinayi. Anandisiyira wailesi ija ndi mpango waubweya wa timuyo, n'kunena kuti, "Pepa, ndakusiyira matenda." Anali kunena zoona. Kuyambira pamenepo Loweruka langa linali la Achisanu. Mabatire ndinkawayanika padzuwa kuyambira Lachisanu kuti akhale ndi mphamvu. Waya ndinaukweza pa mpeyala wa kuseri kwa nyumba yathu ku malaini a esiteti. Kukakhala maliro ku Goliati kapena ukwati ku Thekerani, ndinkapalasa njinga ngati wothamangitsidwa kuti dzuwa lisandilowere m'njira. Inu lero mumangodina kamodzi, zonse zabwera. Ife zotsatira tinkazipeza ndi thukuta.

Anzanga ku wekishopu ankandiseka. Iwo ankachemerera matimu a ku Blantyre, ena a ku Mangalande otenga zikho chaka ndi chaka. Ankati, "Achimwene, dziko lonseli, munasowa timu yopambana?" Ndinkalephera kuwafotokozera. Timu yopambana aliyense angaikonde, siifuna iwe. Koma Achisanu ndinkaona ngati ndikapanda kutsegula wailesi, mu Africa muno mukhala mopanda ndi mmodzi yemwe wowamvera. Ndinkawamvera chisoni, n'kumawakwiyira, n'kumalumbira kuti sabata yamawa sinditsegulanso. Lachisanu likafika, mabatire ali padzuwa.

Ndinaphunzira nyengo zawo ngati mmene ndinkadziwira za tiyi. Mu Ogasiti, tchire la tiyi lili lodulira, iwo ankayamba ligi, ndipo ankayamba bwino, kungofuna kutinyenga. Mvula ikagwa kuno, masamba akuchuluka, fakitale ikulira osapuma, kwawoko kunkazizira mpaka bwalo kuuma ngati simenti, masewero n'kumalephereka. Ndinkadikira sabata yathunthu n'kungomva kuti sanasewere. Pofika Epulo tinkakhala tikuwerenga pa zala ngati titsike kapena tipulumuke. Kumeneko kuli maligi osanjikizana, ndipo timu ikathera kumunsi amaitsitsira mu ligi yotsatira. Achisanu masitepe amenewo ankawadziwa ngati a pakhomo pawo.

Bambo anu anabadwa mu Januwale, Loweruka, mvula ikukhuthuka. Poti tinkakhala ku malaini, kutali ndi amalume ake, za dzina zinagwera ine. Sindinachedwe n'komwe. Ndinkafuna mwana wanga akhale munthu wosatopa, woti anthu azimudalira zinthu zikavuta.

Mwamva agogo anuwa zimene akunena? Akuti iwo anafuna Yohane. Ee, Esinati, munanena, ndavomera, mwakhala mukundikumbutsa zaka makumi anayi. Anamwino aku chipatala anandifunsa kawiri. "Bambo, mwati ndani?" Ndinati Nilu. Anayang'anizana, n'kulemba zilembo zinayi mukuzionazo. Bwenzi atandiuza pomwepo, koma masiku amenewo munthu akatchula dzina la mwana wake ankangomulembera.

Mwanayo anakula wailesi ili pakhutu. Atangodziwa kuyenda ankabwera kudzakhala pamwendo panga, ndipo wowerenga uja akati nil, ankawomba m'manja n'kuthamangira kwa mayi ake. "Amayi, anditchula!" Anzake a ku malaini ankamusirira. Ndani wina dzina lake linkamveka pa wailesi ya kunja sabata ndi sabata? Atayamba sukulu ankandilembera zotsatira m'kope, mizere yowongoka bwino, ngakhale pamene timu yathu yatchulidwa ndi dzina lake ankangojambulapo kamunthu kali ndi mpira.

Chaka chimene anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, Achisanu anachita zosayembekezeka. Anapambana mu Ogasiti, ine ndinati azolowera kutinamiza. Anapambana m'dzinja monse, ndinayamba kukhulupirira mwamantha. Mu Meyi anakwera ligi. Ndinamunyamula mwanayo pamapewa, mpango uli m'khosi mwake, n'kuzungulira malaini onse ndikuimba mbale ndi supuni. Anthu anatuluka m'nyumba kuganiza kuti kwathu kwabadwa mapasa. Nditawauza, anabwerera akupukusa mitu. Tinapha tambala tsiku limenelo, yemwe agogo anu ankasungira Khirisimasi. Mwanayo ali pamapewa paja anandifunsa kuti bwanji chaka chino sakumutchula kawirikawiri. Ndinati a Nilu akupumula, ntchito anagwira kale. Chaka chotsatira tinatsikanso, ndipo anayamba kumutchula mokwanira.

Zinaululika ali Sitandade 6. Kunabwera mphunzitsi watsopano wa masamu, ndipo pobweza mapepala a mayeso anaima pa dzina la mwana wanga. Iye ndi amene anakhoza kuposa onse. Mphunzitsiyo anaseka, n'kupita pa bolodi kukalemba dzinalo, pambali pake n'kuikapo ziro wamkulu. Mwina ankangofuna kuphunzitsa mawu atsopano, sindikudziwa. Pofika nthawi yoweruka, sukulu yonse inali kumuitana Duu.

Mwanayo anandipeza ndikukonza tcheni cha njinga. Sanalire. Anaima chilili, kope lili m'manja.

"Ababa, Nilu ndi ndani?"

"Ukufunsa chiyani? Ndi katswiri wa timu yathu."

"Amavala nambala chani?"

Ndinapitiriza kupukuta tcheni chija.

"Munaonapo chithunzi chake?"

"Iwe, ndi mafunso anji amenewa?"

"Nilu ndi duu, ababa. Ndi palibe. Akamatchula amakhala akunena kuti sitinagoletse. Munanditcha Palibe."

Apa ndiye pamene ndinalakwa zenizeni, ana inu, osati ku chipatala kuja. Kuja kunali kusadziwa. Apa ndinachita manyazi pamaso pa mwana wa zaka khumi ndi ziwiri, manyaziwo n'kusanduka ukali. Ndinati, "Mphunzitsi wakoyo anafikako ku Sikotilandi? Ine ndinamva kwa mwini wake." Anandiyang'ana, n'kuika kope lija pa mpando wa njinga, n'kulowa m'nyumba.

Loweruka lotsatira ndinakhala ndekha. Kwa nthawi yoyamba ndinamvetsera kuyambira ku matimu a ku Mangalande, mawu ndi mawu. Nil apa, nil apo, nil paliponse. Ndinakumbukira mmene a Chimfine ankasekera, n'kumvetsa zonse. Sanandinamize dala, anthu a kwawoko timu yawo amaiseka choncho, n'kumaikondabe. Ine ndi amene sindinkadziwa kuti mzungu amathanso kunena nthabwala nkhope ili gwa. Mwanayo anali kuseri kwa nyumba akusenda chinangwa, mapazi khumi okha kuchoka pamene ndinakhala. Ndikanangodzuka n'kukamuuza kuti unanena zoona. Sindinadzuke.

Sanabwerenso pa wailesi. Polembetsa mayeso a Sitandade 8 analemba kuti Dalitso, ndipo ine ndinamvera kwa mayi ake. Anasankhidwa kupita ku sekondale, kenako ku koleji, kenako ntchito ku Blantyre. Sanandichitepo mwano ngakhale tsiku limodzi. Malata a nyumba inoyi anagula ndi iye. Akabwera ankagwada, n'kupereka moni, n'kufunsa za miyendo yanga, zikatha apo n'kupita kukacheza ndi mayi ake kukhitchini. Kuseka kwake ndinkakumvera kukhoma.

Ndipo mudziwe kuti kwa zaka zambiri ndinalibe dzina lomuitanira. La Nilu ndinkaopa. La Dalitso linkandikanira pakhosi, poti kulitchula kunali kuvomera kuti langa lija linali loipa. Ndiye ndinkangoti "achimwene", kapena kutsokomola mpaka atembenuke. Iwe Tadala, pobadwa unandipulumutsa osadziwa. Kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi pothawira: bambo a Tadala. Ndi ulemu wabwino, aliyense amatero, koma ine ndi iye tinkadziwa chimene ndinkazemba. Zinkandipweteka. Ndinali ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha, ndipo ndinkamulandira ngati mlendo wochokera ku ofesi.

Achisanu sindinawasiye, ngakhale pena ndinkafuna kuponya wailesiyo mumtsinje. Anakweranso kamodzi, n'kutsika kawiri. Chaka china anagonjetsa timu yaikulu pa mpikisano wa chikho, ine n'kuvina ndekha pabwalo, nkhuku zokha zikundionera. Nditapuma ntchito n'kudzamanga kuno kumudzi, ndinakwezanso waya pa mtengo. Kenako wailesi ya kunja ija inayamba kuzimirira, mpaka Loweruka lina ndinapotokola ponseponse osapeza kanthu koma phokoso. Zaka ziwiri ndinakhala osadziwa ngati Achisanu alipo kapena anatha. Loweruka madzulo ndinkangokhala pakhonde pano ngati munthu wodikira basi pa msewu wotsekedwa.

Agogo anuwa, osandiuza, anamuimbira mwana wawo. Posakhalitsa pa foni yawo panayamba kufika uthenga Loweruka lililonse. Wopanda moni, wopanda dzina, manambala awiri okha. Ankabwera nayo foniyo n'kuti, "Matenda anu aja afika." Ndinkadziwa wotumiza. Ndinkafuna kuyankha, koma ungayankhe chiyani kwa manambala?

Chaka chathachi zinafika poipa. Achisanu anathera pansi pa ligi yomaliza, kumene kunsi kwake kulibenso sitepe. Anayenera kusewera kawiri ndi timu ina yofuna malo awo, ndipo akagonja atuluke m'maligi onse. Masewero oyamba anapambana ndi chigoli chimodzi. Otsala anali a Loweruka lina mu Meyi, ndipo chofunika chinali chimodzi: asachinyidwe.

Tsiku limenelo masana ndinangoona galimoto ikukwera kamtunda aka. Bambo anu, okha, opanda inu kapena mayi anu. Anati abwera kudzaona ngati denga likudontha. Mu Meyi, mvula itatha kale! Anazungulira nyumba kamodzi, n'kuima patsogolo panga akuseweretsa makiyi.

"Ababa, netiweki imagwira pati kuno?"

Ndinamutengera pamwamba paja, m'malire mwa munda wa esiteti, pamene pali mwala waukulu. Kunkawomba kamphepo kozizira kochokera ku Mulanje, ine nditakulunga mpango uja, umene tsopano njenjete zinadya theka. Anaika foni pamwala, mawu n'kuyamba kumveka, mzungu akuyankhula mothamanga ngati a Chimfine akapsa mtima. Zaka zonsezi ndinkangomva zotsatira, mpira weniweni wa Achisanu ndinali ndisanaumvepo. Iye ankandimasulira. "Kona yawo. Goloboyi wagwira. Wathu wagwa, akuti wadzuka." Ankayankhula ngati akuwerenga lipoti, koma maso sankawachotsa pa foniyo.

Chigawo choyamba chinatha popanda wogoletsa. Foni inayamba nyimbo. Kumunsi amayi awiri ankadutsa ndi nkhuni. Ndinaona kuti ndikapanda kunena pano, ndidzapita nazo kumanda.

"Bambo a Tadala."

"Ee, ababa."

"Ine ndinkayesa ndi munthu. Mzungu uja anandiuza kuti ndi wokhulupirika, ine n'kukhulupirira. Ndinkafuna ukhale ngati iyeyo."

"Ndikudziwa. Amayi anandifotokozera ndili ku sekondale."

"Nanga bwanji..."

"Amayi ndi amene anandiuza. Inu simunandiuzepo." Anathyola tsamba la tiyi n'kumalipinda. "Dzinalo silinandipweteke kwambiri, ababa. Ana anaseka miyezi iwiri n'kuiwala. Koma ndinabwera kwa inu ndi zoona, inu n'kundibweza ngati wabodza."

"Unanena zoona tsiku lija. Ndinadziwa Loweruka lomwelo. Pepa, mwana wanga."

Anangogwedeza mutu pang'ono, akuyang'ana kuphiri, ndipo mpira unayambanso. Sindinadziwe ngati walandira kapena ayi, ndipo mtima wanga unali m'malo awiri.

Chigawo chachiwiri chija sindikufunira munthu. Adaniwo anatiunjikira pagolo ngati nyerere pa shuga. Mpira unamenya chitsulo kamodzi. Wathu mmodzi anamutulutsa ndi khadi lofiira, tinatsala khumi. Bambo anu anasiya kumasulira, anaimirira, n'kumayenda uku ndi uku pakati pa mizere ya tiyi, manja ali kumutu, nsapato za ku ofesi zikudzaza dothi. Oimbira anawonjezera mphindi zisanu. Iye anati sangathenso kumvera, n'kupita kukaima chapatali atandifulatira. Ndinatsala ndekha ndi foni, osamva chilichonse koma kukuwa kwa anthu.

Kenako wenzulo inalira katatu, mzungu uja n'kukuwa mawu awiri okha amene ine ndimawadziwa bwino m'Chingerezi chonse. Palibe wagoletsa. Tapulumuka. Ndinaiwala miyendo yanga, ndinadzuka n'kukweza mpango m'mwamba, n'kufuula zotsatirazo mmene ndinazimvera.

"Nilu! Nilu!"

"Wawa!"

Anayankha asanaganize, ngati mmene ankayankhira ali kamwana ndikamuitana kuseri kwa nyumba. Atatembenuka, tonse awiri tinazindikira chimene chachitika. Ine pakamwa panali yasa, ndikufuna kufotokoza kuti ndimanena za mpira. Iye anandiyang'ana nthawi yaitali, bambo wa imvi m'ndevu, maso atafiira. Kenako anabwera, n'kutola foni pamwala, n'kundigwira mkono kuti ndisaterereke potsika.

"Ndamva, ababa," anatero. "Tiyeni kunyumba, kwazizira."